Makapasita asiyeni kaye, bambo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene wagula Revox A77, makina akale ojambulira ndi kumvetsera nyimbo pa matepi. Akuti nyimbo zikumveka ngati woimbayo amutsekera m'chipinda china, ndiye akufunsa ngati asinthe makapasita onse, tizipangizo tosunga magetsi ta m'kati mwa makinawo. Bambo, mwandiponda pachilonda.

Makina anga oyamba ndinawapereka kwa mmisiri wina amene mankhwala ake anali amodzi pa nthenda iliyonse: kuzula makapasita onse n'kuika atsopano. Anandibwezera makinawo pamodzi ndi kathumba kodzaza ndi akalewo, kuti ndione kuti ntchito yagwirika. Kuika tepi, mawu anali omwe aja, osalongosoka. Nditaunika ndi tochi ndinapeza hedi, kachitsulo kowerenga mawu pa tepi, yamatiridwa litsiro lofiirira, kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi katauma gwa, mpaka kumanyezimira. Munthu anakhala ndi makina mwezi wathunthu osapukutako ngakhale pamene tepi imadutsa! Mpaka lero ndikamva wina akuti "sinthani zonse" asanaone hedi, ndimangodziwa kuti sanamvetsere n'komwe.

Sindikukana, A77 inayamba kutuluka mu 1967, ndipo makapasita ena a zaka zimenezo amafunikadi kuchotsa. Koma taganizani izi. Pa liwiro la masentimita 19 pa sekondi, funde limodzi la mawu am'mwamba a 10 kHz limangotenga mamayikuloni 19 pa tepi, kuchepa kuposa tsitsi la m'mutu. Kalitsiro kochepa kakangoitalikitsa tepi ndi hedi, mawu am'mwamba amayamba ndi iwo kusowa, besi n'kutsala yokha. Kapasita watsopano sangabweze zimene hedi sinawerenge.

Ndiye pali nkhani ya matepi eniakewo, imene anthu safuna kuimva. Matepi ambiri a m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 456, amayamwa chinyezi n'kuyamba kunanda. Ukaiika imalira tswii, n'kumasiya phala pa hedi imene wangopukuta kumene. Akatswiri amaiumitsa kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 54 kuti aikopere, koma tepi yopangidwa ndi pulasitiki wa mtundu wa acetate musayerekeze, mudzaiononga. Ine matepi otere sindiwalolanso pa makina anga. Atsopano akupangidwabe ku France ndi kampani ya RTM, ndiye kuvutikiranji?

Komanso, bambo, mwayang'ana batani lija la NAB ndi IEC, miyeso iwiri ya kajambulidwe ka mawu pa tepi? A77 ili nalo. Tepi yojambulidwa pa muyeso wina ukaimvetsera pa unzake, mawu am'mwamba amachuluka kapena kuchepa, ndipo ena amamasula makina onse chifukwa cha batani limeneli.

Zoti muchite

Pukutani mahedi ndi njira yonse ya tepi ndi kathonje konyowetsa mu sipiriti wa isopropyl. Chotsani maginito otsalira pa mahedi makina ali ozimitsa, ndipo kachipangizo kochotsera maginitoko kayatseni muli patali, muyandikire pang'onopang'ono, mubwererenso mita imodzi musanakazimitse. Kagudumu kouma kaja sinthani. Kenako pezani tepi yoyesera ya kampani ya MRL muwongole azimuth (kaimidwe ka hedi pa tepi), ndipo bias (mphamvu ya magetsi yothandiza pojambula) muyichune molingana ndi tepi imene muzijambulira. Ngati chikhadabo chikukodwa pa kamzere kamene tepi yakumba pa hedi, hediyo yatha, ikufunika kuisalaza kapena kugula ina. Mukachita zimenezi koma mbali imodzi n'kumathethekabe, ndilembereninso, tikambe za makapasita anuwo.