PS5 Pro kapena PS5 wamba? Yankho kwa achimwene a ku Kamwendo

Achimwene ena a ku Kamwendo, ku Mchinji, anditumizira imelo. Akufuna kutsegula kamalo koti anyamata azisewerapo mpira wa pa gemu, ndipo alamu awo amene ali ku Joni akuti akufuna kuwagulira PS5 Pro, makina a gemu a kampani ya Sony, chifukwa ndiyo yamphamvu kuposa PS5 wamba. Funso lawo ndi lakuti avomere kapena ayi.

Achimwene, ndisakubisireni, Pro sanapangire inu.

Makampani opanga makina a gemu amasaka ogula a mitundu iwiri. Munthu wamba amamukopa ndi mtengo. N'chifukwa chake mu 2020 Microsoft inatulutsa Xbox Series S pa madola 299, pomwe Series X inali pa 499. Koma uja wokonda gemu mpaka kuiwala nsima amamukopa ndi maso. Mu Seputembala 2024, Mark Cerny wa ku Sony poonetsa PS5 Pro anadalira magemu amene analipo kale. Ankaika zithunzi ziwiri moyandikana n'kuzikuza, kuti muone tinthu takutali tikuoneka bwinoko. Anatinso osewera ambiri amasankha kuti gemu iziyenda mosadukiza ngakhale chithunzi chichepe kukongola, ndiye Pro inabwera kuti apeze zonse ziwiri. Koma kuti diso lione kusiyanako pamafunika TV yaikulu ya 4K, ija yoonetsa zithunzi mowala bwino kwambiri.

Tsiku lina ndinakhala kaye m'kashopu kena ka gemu pa Kasungu boma. PS4 ziwiri (makina amene analipo PS5 isanabwere), TV ya mainchesi 32, anyamata atapanikizana pa benchi, fumbi lili koboo. Palibe anayang'ana kukongola kwa kapinga. Mkangano wonse unali pa padi imodzi, choseweretsera cha m'manja chija, yomwe kandodo kake kankakokera wosewera kumanzere kokha.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Pro inatuluka pa 7 Novembala 2024 pa madola 699.99, ilibe polowetsa disiki. Chipangizo cha disikicho chinkagulitsidwa pachokha, madola 79.99. Kwa munthu wa intaneti yosatha m'nyumba, imeneyo si nkhani. Koma ife? Gemu imodzi imatha kupitirira 50GB. Tawerengerani mabando ake. Kuno timadalira madisiki a kaunjika, obwerekana ndi osinthana, ndipo makina opanda khomo la disiki akutsekerani njira imeneyo.

Dziwaninso kuti gemu iliyonse yosewereka pa Pro imasewerekanso pa PS5 wamba. Zinali chomwechonso ndi PS4 Pro ya mu 2016.

Ndiye auzeni alamu agule PS5 wamba, ndipo aonetsetse pa katoni kuti ndi yolowa disiki, poti nayonso ilipo ina yopanda. Ndalama yotsalayo ipite ku mapadi anayi, batire ndi inveta, kuti magetsi akathima Loweruka madzulo anyamata asabwezeredwe ndalama zawo mpira uli pakati.