Script yanuyo ikufufuta zomwe shopu yagulitsa kale

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe manambala a katundu pa shopu yanu ya pa intaneti akudumphadumpha, ndipo mukukayikira anthu a kosungira katundu. Imitsani cron imeneyo, yomwe imadzutsa script yanu pa nthawi zoikika, lero lomwe musanasinthe ngakhale mzere umodzi, ndipo asiyeni anthu a kosungira katundu, palibe chomwe aba. Mwanena nokha kuti script yanu imawerenga manambala mu database yawo mphindi 15 zilizonse n'kuwatumiza ku Shopify, komwe kuli shopu yanu, ndi set, kutanthauza kulemba nambala yonse pamwamba pa yomwe ilipo. Pagona nkhani ndi pamenepo. Zimenezi zinandionekerapo ine ndipo mpaka lero ndikaona mawu akuti set pafupi ndi cron mtima umandiwawa.

Taonani mmene zimayendera. Tinene kuti muli ndi zinthu 3,000. REST API ya Shopify, njira yomwe script yanu imalankhulira ndi shopu, imagwira ntchito ngati ndowa yobooka: imalandira mapempho 40 n'kudzaza, ndipo imadontha awiri pa sekondi pa pulani wamba. Mapempho 40 oyambawo akatha, liwiro lanu ndi awiri pa sekondi basi, kutanthauza kuti zinthu 3,000 zikutengerani mphindi 25. Nthawi ya 10:00 script yawerenga kuti zikwama zofiira zatsala 10. Chikwamacho chili chakumapeto kwa ndandanda, ndiye nambala 10 ija ikhala ikudikira mpaka cha m'ma 10:20. Pa mphindi zimenezo makasitomala anayi agula, shopu yachotsera bwinobwino, yafika pa 6. Database ya kosungira katundu sikudziwa kanthu chifukwa maodawo sanafikeko. Nthawi ya 10:20 script yanu yafika n'kulemba 10 pamwamba pa 6. Shopu yayankha 200, kutanthauza kuti yalandira, log yanu yalemba kuti zatheka. Zikwama zinayi zomwe kulibe zabwerera pa tsamba ndipo zikugulitsidwanso. Mapeto ake maoda 14 pa zikwama 10.

Sizithera pomwepo. Cron yanu imadzuka mphindi 15 zilizonse pomwe ntchito ikutenga 25, ndiye pofika 10:15 pali ma script awiri akuthamanga limodzi, akugawana ndowa imodzi yomweyo, onse akulandira 429, yankho loti mapempho achuluka, onse akuchedwetsana. Wachitatu akudzuka awiri aja asanamalize. Wina wanyamula 10, wina wanyamula 6, ndipo amene walemba pomaliza ndiye wapambana. N'chifukwa chake mukuona nambala ikudumpha, pano 6, pano 10, pano 6, popanda munthu woikhudza.

Ndipo simudziwa tsiku lomwelo ayi. Mumadziwa wolongedza katundu ataima pa shelefu yopanda kanthu, m'manja muli pepala la oda yolipiridwa kale. Muyamba kubweza ndalama. Apa pali msampha wachiwiri womwe umapweteka kuposa woyamba: pobweza ndalama, ngati restock type, chosankha cha kubwezera katundu, mwaisiya pa cancel kapena return, shopu imabwezera chikwamacho pa katundu wogulitsika. Chikwama chomwe sichinakhalepo chabwereranso pa tsamba, munthu wina wachigula, mwina kasitomala yemwe uja amene mwangomupepesa kumene poganiza kuti chapezeka. Pobweza ndalama za katundu yemwe kulibe, ikani no_restock, ndipo muwauze onse amene amabweza ndalama pamanja kuti azichotsa chizindikiro pa kabokosi ka restock.

Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi ogulitsa timapulogalamu tolumikiza shopu ndi kosungira katundu, aja amalemba pa tsamba lawo kuti manambala amafanana nthawi yomweyo. Mukatsegula mkati mupeza set yomweyi pa cron, try ndi catch yomeza cholakwa chilichonse, ndi log yolemba kuti zatheka ngakhale shopu yakana. Mukawalembera, akufunsani chithunzi cha sikirini. Mukatumiza, akuti vuto ndi database yanu. Mukawapempha log ya mapempho enieni ndi mayankho ake, akuti sasunga. Munthu wogulitsa pulogalamu yolemba pa katundu wa eni ake koma osasunga zomwe walemba, ameneyo sakuyenera kupatsidwa token, kiyi yolowera mu shopu yanu, ndipo ndalama zobweza kwa makasitomala salipira iye, mumalipira ndinu.

Choyamba n'chosavuta: ikani flock -n kutsogolo kwa lamulo lanu mu crontab kuti script yachiwiri isayambe yoyamba isanathe. Chachiwiri, lekani kutumiza zinthu zonse 3,000. Tumizani zokhazo zomwe zasintha kuchokera ulendo watha, nthawi zambiri zimakhala zochepa kwambiri. Ndipo maoda azitsika kaye kuchokera ku shopu, manambala a katundu azikwera pambuyo, osati mosemphanitsa.

Pa kukoka maoda pali tinthu tomwe timagwetsa anthu ambiri. Ku REST, orders.json mukaiitana popanda status=any imakupatsani maoda otseguka okha, ndiye oletsedwa ndi otsekedwa simuwaona, katundu wake sabwerera mu database yanu. Tsamba limodzi silipitirira maoda 250, ndipo tsamba lotsatira mumalipeza mu header ya Link, pa page_info, osati powerenga page=2. Mukayamba kugwiritsa page_info musawonjezerenso zosefera zina pa pempholo, ikana. Maoda akale kuposa masiku 60 simuwaona pokhapokha app yanu ili ndi chilolezo cha read_all_orders. Sefani ndi updated_at, osati created_at, chifukwa oda ya dzana ikhoza kuletsedwa lero. Nthawi muzisunga mu UTC, ndipo ulendo uliwonse muzibwerera m'mbuyo mphindi zingapo kuchokera pomwe munalekezera. Maoda ena abwera kawiri, palibe vuto ngati id ya oda ili ndi unique constraint mu table yanu. Kubwera kawiri kuli bwino kusiyana ndi kusowa.

Id zimenezo muzisamale. Ndi manambala aatali kuposa 2,147,483,647, malire a INT, ndiye column ikhale BIGINT kapena mawu. Musazidutsitse mu Excel: nambala ikafika madijiti 12 imaoneka ngati 4.5E+11, ndipo mukasunga CSV imasungidwa choncho, id yawonongeka. SKU musaidalire ngati kiyi, Shopify imalola zinthu ziwiri kukhala ndi SKU imodzi. Katundu amawerengedwa pa inventory item ndi location, ziwirizo pamodzi. Ngati muli ndi malo awiri osungira katundu n'kulemba nambala yonse pa location imodzi, mwaukitsa vuto lina.

Tsopano pa kulemba. M'malo mouza shopu kuti zilipo 10, muziiuza kuti zawonjezereka 5 kapena zachepa 2. Ku GraphQL imeneyo ndi inventoryAdjustQuantities, mumapereka delta, yomwe ndi nambala yowonjezera kapena yochotsera. Katundu watsopano akafika, delta yokwera. Wina akawonongeka kapena akagulitsidwa kwina, delta yotsika. Zogulitsidwa pa shopu musazitumize, shopu yachotsera kale, mukatumizanso mwachotsera kawiri. Ubwino wake ndi wakuti makasitomala anayi aja akagula pakati, 6 wawo sakhudzidwa, mukungowonjezera pamwamba pake.

Koma delta ili ndi dzino lake. Mwatumiza +5, kulumikizana kwaduka, yankho silinabwere. Simukudziwa ngati shopu yalandira kapena ayi. Library zina za HTTP zimakonzedwa kuti zizibwereza zokha pempho likapanda kuyankhidwa, ndipo yanu ikabwereza pomwe loyamba linafika, mwalemba +10. Choncho khalani ndi table ya kusuntha kulikonse kwa katundu: id yake, chinthu, location, delta, ndi pomwe zafika, kaya sizinatumizidwe, zatumizidwa, kapena zatsimikizika. Lembani kuti zatumizidwa musanaitane API, osati pambuyo. Mukapeza mzere wotsalira pa zatumizidwa, musaubwereze mwachimbulimbuli, werengani kaye ku shopu muone ngati unalowa. Kubwereza kwa library kuzimitseni pa mapempho olemba. Pa 429 pokha ndi pomwe mungabwereze mosaopa, chifukwa pempholo lakanidwa lisanagwiridwe, ndipo dikirani masekondi omwe ali mu Retry-After.

Ndanena GraphQL chifukwa REST Admin API inaikidwa m'gulu la zakale pa 1 October 2024, ndipo kuyambira 1 April 2025 ma app atsopano a pagulu amayenera kumangidwa pa GraphQL. Ngati mukulemba zatsopano, yambirani komweko. Chenjerani chinthu chimodzi: GraphQL imayankha 200 ngakhale zinthu zakanika. Kuona status code kokha n'kudzinamiza. Yang'anani errors, pomwe mupeze THROTTLED mukapyola malire, ndipo pa mutation iliyonse pemphani userErrors n'kuiwerenga. Ngati userErrors ili ndi kanthu, musaganize kuti zalembedwa. Malire ake sawerenga mapempho koma kulemera kwa funso, ndipo yankho lililonse limabwera ndi throttleStatus mu extensions, yokuuzani currentlyAvailable ndi restoreRate. Ziwerengeni n'kudikira nokha musanakanidwe. Version ya API yomwe ikuthandizidwa pakadali pano muilembe mu URL. Yatsopano imatuluka miyezi itatu iliyonse ndipo iliyonse imathandizidwa kwa miyezi yosachepera 12, ikatha mapempho anu amagwera pa version ina popanda inu kusankha.

Wina m'gulu muno akuuzani kuti ingoikani webhook, uthenga womwe shopu imatumiza yokha ku seva yanu china chikachitika. Ikani, koma musaikhulupirire yokha. Muli ndi masekondi 5 oyankha, ndiye landirani, tsimikizani, sungani, yankhani 200, ntchito yeniyeni muichite pambuyo. Kutsimikizako ndi HMAC-SHA256 ya mu X-Shopify-Hmac-Sha256, yowerengedwa pa body yosakhudzidwa. Framework yanu ikayamba yasandutsa body kukhala JSON inu n'kuibwezanso ku mawu, mipata isintha ndipo siginecha siigwirizana, mudzataya tsiku lonse mukukayikira secret yomwe ili bwinobwino. Webhook imodzi ikhoza kubwera kawiri, ndiye sungani id ya chochitikacho kuchokera mu header n'kukana yobwereza. Zikhozanso kubwera mosatsata ndondomeko, orders/updated kutsogolo, orders/create pambuyo, choncho yerekezani updated_at musanalembe pamwamba pa zomwe muli nazo. Seva yanu ikamakanika kuyankha mobwerezabwereza, kulembetsa kwa webhook kumatha kuchotsedwa, inu n'kumaganiza kuti malonda ndiwo achepa. Ndipo ngati mwalembetsa inventory_levels/update, dziwani kuti kulemba kwanu komwe kumaidzutsa. Mukapanda kuzindikira zanu, mulandira, mulemba mu database, database itumiza, shopu idzutsanso webhook, kuzungulira mpaka ndowa itadzaza.

Kwa inu amene mukuwerenga koma shopu yanu ili pa WooCommerce osati Shopify, musaganize kuti mwapulumuka. Pa /wp-json/wc/v3/products, stock_quantity ndi nambala yonse, palibe delta. per_page siipitirira 100 ndipo mukapanda kuilemba mulandira 10 zokha, masamba onse ali mu X-WP-TotalPages. Katundu wa saizi ndi mitundu ali pa variations, osati pa chinthu chachikulu, ndipo manage_stock ikapanda kukhala true nambala yanu siigwira ntchito. Webhook kumeneko imazimitsidwa ikakanika kasanu motsatizana. Batch imalandira zinthu 100 pa pempho limodzi, igwiritseni kuti mpata wa pakati pa kuwerenga ndi kulemba uchepe.

Ndakuletsani set, koma simungaithawe kotheratu. Ma delta amasochera, wina amasintha pamanja, katundu amawerengedwanso pa shelefu. Kamodzi pa tsiku, nthawi yomwe malonda ndi ochepa, pamafunika kufananitsa. Pamenepo gwiritsani inventorySetQuantities, koma mwanjira ziwiri izi. Yoyamba, nambala ya pa shelefu ndi on_hand, si available. On_hand imaphatikiza zogulitsika, zomwe zagulidwa koma sizinatumizidwe zomwe amazitcha committed, ndi zina zoikidwa padera monga zowonongeka. Mukalemba 10 pa on_hand pomwe committed ndi 4, shopu iwerengera yokha kuti zogulitsika ndi 6. Script yanu pakadali pano ikuthira nambala ya pa shelefu mu available, ndiye ngakhale ikanakhala yachangu bwanji ikanalakwitsabe pa oda iliyonse yosalongedzedwa. Yachiwiri, perekani nambala yomwe munaiona powerenga kuti shopu iyerekeze, yomwe pa version 2025-01 inkatchedwa compareQuantity. Ngati yasintha pakati, shopu ikana kulemba, inu muwerenganso. Anthu ambiri akaona kukanako amathamangira kuzimitsa kuyerekezako kuti cholakwa chichoke. Musatero, kukanako ndiye chitetezo chanu. Kusiyana kukakhala kwakukulu, tinene kopitirira zinthu zisanu pa chinthu chimodzi, script isalembe, itumize uthenga kwa munthu akaone.

Kunena zoona, ngati ndinu nokha pa ntchitoyi ndipo palibe woti azidzuka usiku webhook ikafa, mwina ndi bwino kungolipira app yokonzedwa kale kusiyana ndi kumanga zonsezi. Muwafunse musanalipire ngati amalemba pa on_hand kapena pa available, ndiponso ngati angakuonetseni log ya pempho lililonse. Akazengereza, pitani kwa ena. Pa zinthu zothamanga kwambiri sungani ziwiri kapena zitatu ngati safety stock, katundu woikidwa padera wosagulitsidwa, ndipo onetsetsani kuti chosankha chopitiriza kugulitsa katundu akatha n'chozimitsidwa.

Tumizani muno mzere wa crontab ndi gawo la script lomwe likulemba katundu, tione limodzi. Token muichotse musanatumize, kawirikawiri imayamba ndi shpat_, ndipo ngati inalowapo kale mu Git kapena pa chithunzi chilichonse, isintheni lero.