Mlamu, za sitima ndi matenti zija

Mlamu, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupa, loti mukwere sitima yapamadzi iti ndi galimoto pochoka ku UK kupita ku Brittany, ku France, kukagona m'matenti ndi ana mu August. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kukanatalika.

Sitima musayambe nayo ayi. Yambani mwafunsa kukampuko kuti ofesi yawo imatseka nthawi yanji madzulo, kenako muziwerengera chobwerera m'mbuyo. Ambiri salandira alendo usiku, ndipo kukhoma tenti mumdima ana akulira njala sindingakufunireni.

Tsono anthu amathamangira ya Dover kupita ku Calais, poti pamadzi ndi ola limodzi ndi theka basi, mtengonso umakhala wotsikirapo. Koma mukatsika ku Calais, Brittany akadali kutali, maola 5 kapena kuposa muli pachiwongolero, komanso misewu ikuluikulu yambiri ya ku France ndi yolipira pazipata. Ndikanakhala ine ndikanayang'ana za ku Portsmouth, za Brittany Ferries. Kukafika ku Caen ndi maola ngati 6, ndiye ilipo ina yoyenda usiku wonse mpaka ku Saint-Malo, m'Brittany momwemo. Imadula, eee, sindikukana. Koma muwonkhetse mafuta, zipata zija, ndi kutopa kwa achimwene, muona kuti kusiyana kwake sikoopsa. Mukasankha yausikuyo mutenge kachipinda, oyendetsa agone mokwanira. Chimene ndikudera nkhawa kwambiri ndi chimenecho, munthu kutsika sitima ali ndi tulo n'kuyamba kuyendetsa mbali yomwe sanaizolowere.

Paja kumeneko amayenda kudzanja lamanja. Pamsewu waukulu savuta, umangotsata anzako. Poopsa ndi m'mawa potuluka pakampu, kapena pochoka pothira mafuta msewu uli zii, dzanja limangobwerera kumanzere lokha. Inu amene mwakhala pambali muziwakumbutsa, musachite manyazi. Zikwangwani za liwiro zili m'makilomita, 130 pa ola pamsewu waukulu, kukagwa mvula 110. Wotchi nayonso, France ili patsogolo ndi ola limodzi.

Pogula tikiti munene msinkhu weniweni wa galimoto, kuphatikizapo kaliyala ndi njinga za ana pamwambapo, apo ayi padoko pakavuta. Botolo la gasi muwauziretu, ndipo likhale lotseka. Sitima ikanyamuka salola kutsikiranso kugalimoto, ndiye mankhwala, majuzi ndi matewera zikhale m'kachikwama ka m'manja.

Mapepala tsopano. Amayi ali ndi pasipoti ya Malawi, akufunika viza ya Schengen, yolowera ku France ndi maiko ena a ku Ulaya, chilolezo chawo cha ku UK sichigwira ku France. Izi muyambe sabata ino, chonde, nyengo ya tchuthi mzere umatalika. Galimoto ikhale ndi chikalata chake cha kaundula chotchedwa V5C, inshuwalansi, thirayango, majekete onyezimira aja muwaike m'kati osati kubuti, ndi chizindikiro cha UK kumbuyo, cha GB chija chinasiya kugwira ntchito mu 2021. Magetsi akutsogolo muwamate timasitika tija kuti asathobwe anzanu m'maso.

O, china, nyama, mkaka ndi tchizi zochokera ku Britain saloleza kulowa nazo ku EU, mukagule mukawoloka. Mufunsenso kukampuko za pulagi yamagetsi, ina siyigwirizana ndi yanu.

Munditumizire dzina la kampuyo ndi masiku ake, tione limodzi sitima yomwe ikukufikitsani dzuwa lisanalowe. Ana muwapatse moni.