Mahedifoni apamwamba a magemu ndi mafilimu: yankho kwa owerenga wa ku Lilongwe

Owerenga wina wa ku Lilongwe anditumizira imelo yofunsa za mahedifoni. Mwachidule, iwo ali ndi PlayStation 5 ndi laputopu, amakonda magemu owomberana komanso a mpira, ndipo mafilimu amaonera usiku pabalaza, mayi a kunyumba ndi ana atagona. Asunga madola pafupifupi 400, ndipo alamu awo amene akubwera kuchokera ku Johannesburg avomera kuwagulira. Akufunsa kuti asankhe chiyani pakati pa Sony WH-1000XM5 amene anthu ambiri akuwatamanda, mahedifoni a magemu olembedwa 7.1 pabokosi, kapena apirire kaye mpaka ndalama zidzakwane zogulira Sennheiser HD 800 S, amene anawerenga kuti palibe owaposa.

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Pa zitatu mwatchulazi palibe chimene ndingakulimbikitseni kugula, ngakhale kuti ziwiri mwa izo ndi katundu wabwino zedi. Zoyenera kukutsogolerani zili kale m'kalata yanuyo: makina amene muzilumikizako kwambiri ndi PlayStation, ndipo malo amene muzimverapo ndi pabalaza pa nyumba imene anthu ena akugona. Mtengo ndi dzina la kampani zibwere pambuyo pa ziwirizi.

Ndiyambe ndi Sony. Mahedifoni amenewa, omwe anatuluka mu 2022, anapangidwira munthu wa paulendo. Ndi opepuka, magalamu 250 okha, batire lake limatha maola 30, ndipo luso lawo lalikulu ndi lozimitsa phokoso la injini ya ndege kapena ya basi. Vuto ndi lakuti amadalira Bluetooth, pamene PlayStation 5 silola mahedifoni wamba a Bluetooth kulumikizidwa mwachindunji, ndipo Xbox nayonso silola. Ngakhale mutagula kachipangizo kolowetsa pa USB kuti kakulumikizireni, mudzakumanabe ndi vuto lenileni, lomwe ndi kuchedwa kwa mawu. Bluetooth imayamba yapanikiza mawu, kenako n'kuwatumiza m'timagawo, ndipo mahedifoni amawasunga kaye pang'ono asanawatulutse. Ntchito yonseyi kawirikawiri imadya mamilisekondi apakati pa 150 ndi 250 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Pa filimu simungazindikire kwenikweni, chifukwa mapulogalamu ambiri oonetsera mafilimu amachedwetsa chithunzi mwadala kuti chiyendere limodzi ndi mawu. Gemu singachite zimenezo, popeza chithunzi chimayenera kuyankha chala chanu nthawi yomweyo. Choncho mukamenya penate, mpira umakhala utachoka kale paphazi pamene kugunda kwake kukufika m'khutu, ndipo pa gemu yowomberana mumamva mapazi a mdani iye atakhota kale pakona n'kukuonani. Mukhoza kuwalumikiza ndi waya pa padi, kachipangizo kamene mumagwira m'manja posewera gemu, koma mukatero maikolofoni yawo sigwira ntchito, ndipo mudzakhala mutalipira ndalama zambiri chifukwa cha luso limene simukuligwiritsa ntchito.

Izi sizikutanthauza kuti mahedifoni onse opanda waya ndi osayenera. Opangidwira magemu amabwera ndi kachipangizo kawokawo ka USB kotumiza mawu pa 2.4 GHz, ndipo kuchedwa kwake n'kochepa kwambiri moti ambirife sitingakuzindikire.

Nkhani ya 7.1, kutanthauza masipika asanu ndi awiri ozungulira womvera ndi imodzi ya mabesi, ndi imene imasokoneza anthu ambiri, ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Pafupifupi mahedifoni onse olembedwa choncho ali ndi masipika awiri okha, imodzi kukhutu lililonse, mofanana ndi ena onse. Kampani ya Razer inayesapo kuika timasipika tisanu mbali iliyonse mu Tiamat 7.1, koma njirayi sinafalikire, chifukwa timasipika tothithikana pakhomo pa khutu sitingapereke mtunda umene masipika otalikirana m'chipinda amapereka. Munthu amadziwa kumene mawu akuchokera pogwiritsa ntchito makutu awiri basi. Mawu ochokera kumanja amafika kukhutu lamanja msanga, ngakhale kuti kusiyanako sikukwana milisekondi imodzi. Amafika kukhutu lamanzere atachepa mphamvu chifukwa mutu wawatchinga. Ndipo mapindikidwe a khutu lenilenilo amawasintha pang'ono malinga ndi kuti achokera kutsogolo, kumbuyo kapena m'mwamba. Ubongo umawerenga zizindikiro zimenezi, ndipo makina akazitsanzira molondola, masipika awiri amakwanira kukuuzani kuti munthu akuyenda pachipinda cha pamwamba, kumbuyo kwanu chakumanzere. Ntchito imeneyi PlayStation 5 yanu imaigwira kale kudzera mu Tempest 3D AudioTech, pa mahedifoni alionse amene mwalumikiza, ndipo mu Settings muli malo osankhirapo mamvekedwe ogwirizana ndi makutu anu. Mutaye mphindi zingapo pamenepo, pakuti makutu a anthu sanaumbidwe mofanana. Pa laputopu ya Windows pali Windows Sonic yaulere, komanso Dolby Atmos for Headphones imene mumalipira kamodzi kudzera mu pulogalamu ya Dolby Access. Chofunika kusamala ndi chakuti musayatse njira ziwiri nthawi imodzi. Ngati gemu kapena makina akutsanzira kale malo, batani la 7.1 la pamahedifoni likhale lozimitsa, apo ayi mawu amasinthidwa kawiri, amamveka ngati akuchokera patali, ndipo kumene mdani ali kumasokonekera m'malo moonekera bwino.

Tsopano za HD 800 S. Zimene munawerengazo zili ndi maziko. Mahedifoni amenewa, omwe anachokera ku HD 800 ya mu 2009, amadziwika chifukwa cha kutambasuka kwa mawu ake: zida zoimbira, mapazi ndi mphepo zimamveka zotalikirana, ngati zili kunja kwa mutu. Koma kutambasukako kumabwera mwa zina chifukwa ndi otsekuka kumbuyo, mtundu umene ogulitsa amaulemba kuti open-back. Kuseri kwa sipika kuli sefa chabe, choncho mawu amatuluka momasuka ndipo a kunja amalowa momasukanso. Pabalaza panu usiku, kuphulika kulikonse kwa m'filimu kudzamveka kwa munthu amene ali m'chipinda choyandikana ngati chitseko chili chotsekula, ndipo inuyo mudzamva fani, firiji ndi agalu a kwa aneba pakati pa zokambirana za m'filimuyo. Onjezerani kuti mtengo wake wolembedwa umaposa madola 1,500, alibe maikolofoni, ndipo ndi a ma ohm 300, kutanthauza kuti kabowo ka pa padi sikangawapatse mphamvu yokwanira. Pafunika ampulifaya, chipangizo chowonjezera mphamvu ya mawu, ndipo si ampulifaya iliyonse ya USB imene PlayStation 5 imaizindikira, chifukwa imalandira zokhazo zotsatira muyezo wakale wa UAC1, monga Sound BlasterX G6 ya Creative. Mabesi ake otsikitsitsa nawonso ndi odziletsa, zomwe okonda nyimbo za zida zambiri amasangalala nazo, koma pa filimu ya nkhondo mudzaona ngati pansi sipakugwedezeka mokwanira. Mukanakhala ndi chipinda chanuchanu chachete, ndikanakuuzani kuti muyese kaye Sennheiser HD 560S, otsekukanso kumbuyo, a ma ohm 120, amene amasonyeza bwino kumene mawu akuchokera pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi akulu awowo. Koma chipinda chimenecho mulibe.

Kwa inu, ndiye, tikufuna otsekeka kumbuyo, ndipo amene ndingayambe kuloza ndi Audeze Maxwell. Anatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 299 kwa mtundu wa PlayStation, ndipo chaka chomwecho Sony inagula kampani ya Audeze. Chimene chimawasiyanitsa ndi mahedifoni ena a magemu ndi masipika ake a mtundu wa planar magnetic, a mamilimita 90. Sipika wamba imakhala ndi kachikopa kokankhidwa pakati pokha ndi kakoyilo ka waya, pamene ya planar ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kokhala ndi tinjira ta magetsi paliponse, koikidwa pafupi ndi mizere ya maginito, moti konse kamasuntha pamodzi. Phindu lake limamveka kwambiri pa mabesi, omwe amatsika pansi zedi popanda kufufuma n'kukwirira mawu ena. Zimenezi n'zofunika pa ntchito zanu zonse ziwiri. Mafilimu amasunga kugunda kozama, kosapitirira pafupifupi 120 Hz, m'njira yakeyake, yomwe ndi ".1" ija ya pa 5.1 kapena 7.1, pamene zolankhula zambiri zimadutsa m'njira ya pakati. Mahedifoni otchipa a magemu amakonda kukweza mabesi apakati kuti wogula agome pa mphindi yoyamba, koma mabesi amenewo ndi amene amabisa mapazi a mdani komanso mawu a munthu wonong'ona m'filimu. Maxwell ali ndi kachipangizo ka USB-C kogwira pa PlayStation ndi pa laputopu, maikolofoni yochotseka, Bluetooth ya pafoni, komanso batire limene kampaniyo imati limapitirira maola 80, zomwe zimathandiza sabata imene magetsi akuvuta.

Chilema chawo ndi kulemera, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Amalemera pafupifupi magalamu 490, theka la paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, ndipo katundu ameneyu mudzamusenza pamutu filimu yonse ya maola awiri ndi theka. Anthu ena amazolowera, ena khosi limayamba kudandaula ola loyamba lisanathe. Ngati mumadziwa kuti khosi kapena mutu umakuvutani, yang'anani SteelSeries Arctis Nova Pro Wireless ya mu 2022, yolemera pafupifupi magalamu 340, imene inatuluka pa madola 349. Kwa ine mawu ake safika pa a Maxwell, makamaka pa mafilimu, koma ndi yomasuka pamutu, ndipo imabwera ndi mabatire awiri osinthana, lina likugwira ntchito pamene linzake likutchajidwa m'kabokosi kake. Kabokosi komweko kamalola kulumikiza PlayStation ndi laputopu nthawi imodzi n'kumangosintha ndi batani.

Palinso njira ya waya, imene ineyo ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chachikulu: mulibe batire loti lidzafe. Batire lililonse limafooka pakapita zaka, ndipo kupeza lina loyenera kuno kwathu si nkhani yapafupi. Beyerdynamic DT 700 Pro X, opangidwa ndi kampani ya ku Heilbronn ku Germany, ndi otsekeka kumbuyo, a ma ohm 48 moti amamveka mokwanira ngakhale pa padi, waya wake ndi wochotseka, ndipo masiponji ake ndi a nsalu yofewa. Ngati mumasewera ndi anzanu pa intaneti, mufunika maikolofoni yapadera, monga ModMic ya Antlion imene imamatidwa pambali. Akulu awo, DT 770 Pro, ndi otchipirapo ndipo amagulitsidwa a ma ohm 32, 80 ndi 250. A 250 musawatenge ngati mulibe ampulifaya, komanso dziwani kuti mawu awo okwera ndi akuthwa, moti anthu ena amatopa nawo.

Za masiponji musazione ngati zazing'ono. Mu Okutobala, masiponji a chikopa chopanga, monga a Maxwell, amasunga thukuta, ndipo pakapita nthawi amayamba kusupuka n'kusiya timadontho takuda m'makutu ndi pakolala. A nsalu amapuma bwino koma amalowetsa phokoso lochulukirapo. Ngati mumavala magalasi, miyendo yake imasiya kampata pakati pa siponji ndi mutu, ndipo pa mahedifoni otsekeka kampata kameneko kamathawitsa mabesi. Magalasi a miyendo yopyapyala amachepetsa vutoli. Mulimonse mmene mungasankhire, pemphani alamu anuwo kuti agule masiponji ena apadera tsiku lomwelo.

Mahedifoni abwino ali ndi msampha umodzi: chifukwa mawu sasweka mukakweza, simuzindikira kuti mwakweza kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 (muyezo wa kukwera kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata, ndipo mukangokweza ndi madesibelo 3, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Mafilimu ndi amene amanyenga kwambiri, chifukwa mumakweza kuti mumve zolankhula, kenako bomba likuphulika pa mulingo womwewo. Ndi bwino kuyatsa njira yochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika ngati pulogalamu yanu ili nayo, kusiyana ndi kumangokweza voliyumu.

Pogula, alamu anu alowe m'sitolo yodziwika ndipo asunge lisiti, chifukwa mayina otchuka ali ndi zabodza zambiri zofanana ndi zenizeni mpaka pabokosi. Mitengo ya ku South Africa kawirikawiri imakwererapo poyerekeza ndi ya madola imene ndatchulayi, ndipo mukumbukire kuti pachipata pangafunike msonkho, choncho musawerengere madola 400 onse ngati a mahedifoni okha. Ngati sitoloyo ikulola, awavale kwa kanthawi ndithu ndipo akuuzeni moona mtima za kulemerako. Awayesenso asananyamuke, masipika onse awiri, maikolofoni ndi kachipangizo ka USB, popeza kubweza katundu wowonongeka mutafika naye ku Lilongwe kungakudyereni ndalama ndi miyezi. Maxwell ndi Nova Pro Wireless onse amagulitsidwa m'mitundu iwiri, wa PlayStation ndi wa Xbox. Wa PlayStation sugwira pa Xbox popanda waya, choncho ngati mukuganiza zodzagula Xbox m'tsogolo muwauze alamuwo asanalipire. Ngati ayi, atenge bokosi lolembedwa PlayStation.