Maiki yanu sinalodzedwe, a mkulu wampingo

Kalata yabwera kuchokera ku Salima, kwa mkulu wampingo wina. Mphwawo wa ku America anawatumizira mamaiki awiri opanda chingwe, koma mlaliki akafika pakatikati pa uthenga amayamba kuthetheka, kenako zii. Mabatire asintha kangapo konse. Akufunsa ngati ndi akufa.

Bambo, mwandikumbutsa chilonda. Ine ndinkabwereketsa zokuzira mawu kuno ku Nkhotakota, pa zinkhoswe ndi maukwati, kuyambira ku Linga mpaka ku Dwangwa. Tsiku lina pa ukwati, perekaniperekani atafika pokoma, wolengeza akuitana akuchikazi kuti abwere ndi ndalama zawo, maiki inangoti zii. Ikabwerera ikulira ngati mafuta m'chiwaya. Anthu amene anaimirira ndalama zili m'manja anabwerera m'mipando, ndalamazo n'kubwereranso m'zikwama. Azakhali a mkwati anandiyang'ana n'kunena mokweza kuti alipo amene sakukondwa ndi banjali. Anandilipira theka. Ndinamukalipira mnyamata wa jenereta pachabe, mpaka lero ndimachita naye manyazi.

Maikiyo ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, motchipa moti ndinkadziona wochenjera. Safunsa anadya phula. Patapita miyezi, mnzanga wokonza mawailesi anatsegula pa mabatire, n'kundionetsa timanambala tomwe sindinkatiwerenga: 700 ndi kanthu, MHz, kutanthauza mafunde amene maikiyo imayendera.

Mafunde a mumlengalenga ali ngati malo a m'mudzi, ali ndi mfumu yogawa. Kwathu kuno ndi MACRA, yomwe inabwera ndi lamulo la 1998, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Mayiko onse amakagwirizana malire ku bungwe la ITU ku Geneva. Maiki yopanda chingwe ilibe munda wakewake. Imalima m'mipata ya pakati pa matchanelo a TV, pa mafunde otchedwa UHF, ngati mlendo wopempha kadimba. Mu 2006 mayiko a kuno ku Africa ndi ku Ulaya anagwirizana zoti TV isamukire ku dijito pofika pa 17 June 2015, n'chifukwa chake munaona madikoda a Kiliye Kiliye. TV ya dijito imadya malo ochepa, ndiye kumtunda kunatsala malo: poyamba 790 mpaka 862 MHz, kenako 694 mpaka 790. Malowo anagwirizana zowapereka ku mafoni. Nsanja ya netiweki ndi kamaiki kanu ka mabatire awiri zikakumana pamunda umodzi, wosamuka ndi wodziwikiratu.

Ku America bungwe lawo la FCC linaletsa mamaiki a pa 698 mpaka 806 MHz kuyambira pa 12 June 2010, ndipo mu 2020 ambiri a m'ma 600 anatsatira. Mukuganiza kuti zida zonse zija za m'matchalitchi ndi m'masukulu awo zinapita kuti? Zina ndi izi zikutipeza ngati kaunjika. Mphwanu sindikumunena, anachita mwachikondi. Amene ndimakwiya nawo ndi ogulitsa amene amadziwa bwinobwino, koma amakuyesera maiki m'sitolo uli mapazi awiri kuchokera pa risiva (kabokosi kolandira mawu a maiki), n'kumati "mwamva nokha bwana". Kumeneko ndi kuba, ndipo sindibweza mawu.

Komanso tisamanamizire mafunde zonse. Alipo alaliki amene amafumbata maiki kumunsi, pomwe pali eriyo, ngati akugwira khasu. Alipo oimenya ndi chikhatho kuti aone ngati ikugwira. Wina anapita nayo kwawo m'thumba la jekete, ili choyaka, tinamva nkhani zake zonse mpaka pamsewu.

Ndiye muchite chiyani

Werengani nambala pamalo oika mabatire kapena kuseri kwa risiva. Ikakhala pakati pa 694 ndi 862, musatayenso ndalama kwa okonza. Ikakhala pakati pa 470 ndi 694, sinthani tchanelo mpaka mupeze pabata, risiva muikweze pamwamba pomwe ikuonana ndi mlaliki. Pogula ina, sankhani yosinthika tchanelo ndipo funsani ngati mtundu wake ndi wovomerezeka ndi MACRA. Za 2.4 GHz zilipo, koma zimalimbirana malo ndi WiFi ndi Bluetooth.

Pa guwa ikanipo yachingwe. Yanga ija ili m'katoni kuchipinda, adzukulu amaimbira kwaya.