Anapiye oyera kuchokera kwa nkhukundembo zamkuwa

Mayi wina amene amaweta nkhukundembo ku Dedza wanditumizira imelo yofunsa nkhani imene yamuzunguza mutu. Ali ndi tambala ndi thadzi, onse a nthenga zodera zonyezimira ngati mkuwa, mtundu umene ku America amautcha Bronze. Thadzilo linafungatira mazira 12 kwa masiku 28, ndipo mwa anapiye 12 amene anaswa, atatu anatuluka achikasu, opanda mizeremizere yodera imene inali pamsana pa anzawo, moti pano amera nthenga zoyera mbee. Anthu pamudzipo akuti tambala woyera wa kwa aneba ndiye anakwera thadzilo, ndipo mayiyu akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona.

Amayi, musafulumire kukadandaula kwa aneba, chifukwa chinthu chimodzi chimene ndingakutsimikizireni n'chakuti mtundu woyerawo uli kale m'thupi mwa thadzi lanu. Mtundu wa nthenga umayenda ndi majini, tizinthu ting'onoting'ono ta m'thupi timene timanyamula chibadwa, ndipo mwanapiye aliyense amalandira jini limodzi kwa bambo, lina kwa mayi. Jini la nthenga zoyera ndi lobisala: likakumana ndi jini lolola mtundu kuonekera, limakhala phee, mbalameyo n'kumaoneka yamkuwa ngati zinzake. Kuti mwanapiye ayere ayenera kulilandira kuchokera kwa makolo onse awiri. Choncho thadzi lanu likanakhala lopanda jinili, ngakhale tambala woyera akanalikwera kangati, sipakanaswa mwanapiye woyera ngakhale mmodzi.

Funso lotsala ndi la bambo, ndipo apa manambala amatithandiza pang'ono chabe. Ngati tambala wanu nayenso wabisa jini loyera, tiyembekezera kuti pa anapiye anayi alionse mmodzi ayera, ndipo atatu pa 12 akugwirizana ndendende ndi zimenezi. Ngati bambo wa onsewo akanakhala tambala woyera uja, tikanayembekezera theka. Komabe chisa chimodzi n'chochepa kwambiri kuti tigamulirepo mlandu, chifukwa magawo amenewa amaoneka bwino pokhapokha mutawerenga anapiye ambiri a zisa zingapo. Ine ndikuganiza kuti bambo ndi tambala wanu yemweyo, koma njira yodziwira ilipo. Mutsekereni m'khola ndi thadzi loyera limene lakhala lopanda tambala kwa miyezi iwiri kapena itatu, popeza thadzi la nkhukundembo limasunga mbewu ya tambala m'thupi kwa masabata ambiri. Pakaswa mwanapiye woyera ngakhale mmodzi, ndiye kuti tambala wanu ali nalo jinilo.

Anapiye oyerawo sakudwala ndipo si achialubino. Maso awo si ofiira, ndipo amene ali atambala adzamera ndevu zakuda pachifuwa. Ndipotu nkhukundembo zoyera n'zakale, moti mtundu wa White Holland unalembedwa m'buku la mitundu la bungwe la ku America la oweta nkhuku ndi mbalame zina, la American Poultry Association, mu 1874, limodzi ndi Bronze, Black, Slate ndi Narragansett. Mafamu akuluakulu anadzakonda zoyera chifukwa tizitsa ta nthenga zake sitisiya madontho akuda pakhungu mbalame ikasosoledwa.

Mitundu ina ili ndi kayendedwe kakekake. Jini lakuda ndi lamphamvu kuposa la mkuwa, kotero limodzi lokha limakwanira kudetsa mbalame. Jini lofiira silibisala kwathunthu: mukakweretsa Bourbon Red, imene inalowa m'buku lija mu 1909, ndi Bronze, ana amatuluka amkuwa wofiirira, pakati pa makolo awo.

Umene umandichititsa chidwi kwambiri ndi wa Narragansett, wa nthenga zotuwa ngati chitsulo, chifukwa jini lake limakhala pa kromozomu (kachingwe ka m'thupi konyamula majini) yotchedwa Z. Mbalame yaimuna ili ndi ma Z awiri, pamene yaikazi ili ndi Z imodzi yokha, imene imachokera kwa bambo ake. N'chifukwa chake tambala wa Narragansett akakwera thadzi la Bronze, ana onse aakazi amatengera kutuwa kwa bambo, pamene aamuna amaoneka amkuwa koma atabisa jinilo. Mukatembenuza, tambala wa Bronze weniweni ndi thadzi la Narragansett, ana onse amaoneka amkuwa, ndipo kutuwa kumadzatulukira kwa adzukulu ena aakazi kudzera mwa ana aamunawo.

Ngati cholinga chanu n'kukhala ndi gulu la mkuwa lokhalokha, dziwani kuti mwa anapiye anu amkuwa aja, pafupifupi awiri pa atatu alionse abisa jini loyera ngati bambo wawo ndi tambala wanuyo, ndipo ngati bambo ndi wa kwa aneba, ana ake onse ali nalo. Mangani kachingwe ka mtundu wosiyana pamwendo pa aliyense, lembani m'kope makolo ake ndi tsiku loswa, ndipo amene mukufuna kusunga kuti akhale mbewu muyambe mwawayesa ndi mbalame yoyera. Koma ngati oyerawo akusangalatsani, akweretseni ndi oyera ena ochokera kukhola lina, ndipo ana awo onse adzayera.