Mbalame ziyambe zakhala chete, kenako mfuti ilire

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akupanga gemu yaing'ono yowomberana pa Unity, pulogalamu yopangira magemu, nkhondo zake zimachitikira m'nkhalango, ndipo waikamo nyimbo zamphamvu ndi mfuti zolira bwino. Koma anzake akaiyesa akumuuza kuti mtima sukugunda ngakhale pang'ono. Funso lake ndi lakuti awonjezere nyimbo kapena adani.

Musawonjezere chilichonse mwa ziwirizi, achimwene. Vuto lanu lili pa mphindi imodzi ija nkhondo isanayambe. Ngati nkhalango yanu inali zii kuyambira pachiyambi, mulibe choti muchotse mdani akamayandikira, ndipo khutu la wosewera limachita mantha kwambiri ndi phokoso limene lasowa mwadzidzidzi kuposa limene langobwera. Aliyense amene anadutsapo padambo usiku m'nyengo ya dzinja amadziwa zimenezi: achule amasokosera, ukayandikira onse chete, ndipo ukakhala kutali n'kumva atasiya kulira umadziwa kuti pali chimene chikuyenda.

Gemu imene inagwiritsa ntchito nzeru imeneyi mokwanira ndi Hunt: Showdown ya kampani ya Crytek, imene inatuluka mu 2019. Pamene inkatuluka, nkhani yake inkachitikira m'madambo a ku Louisiana m'chaka cha 1895, ndipo osewera amafika 12 pabwalo limodzi, akusakana. Panjira pamakhala akhwangwala atatera pansi. Mukawathamangira amabalalika akulira, ndipo amaoneka m'mwamba kuchokera patali, ndiye kuti mwadziulula nokha. Pamadzi pali abakha, m'makola muli agalu ndi nkhuku, m'mbali mwa msewu muli akavalo ovulala amene amalira munthu akayandikira, pansi pali magalasi osweka ndi timitengo touma. Wosewera amayamba kuyenda chonyang'ama, kuzungulira khola lonse, mtima uli m'mwamba, pamene sanaone mdani ndi mmodzi yemwe. Chimene chimapangitsa kuti zigwire ntchito n'chakuti nyamazo sizinama. Akhwangwala akauluka, pali amene wawadzidzimutsa. Mukaika mbalame zongouluka mwachisawawa kuti gemu ikongole, wosewera amazindikira msanga kuti zilibe tanthauzo, n'kusiya kuzimvera.

Red Dead Redemption 2 ya Rockstar, ya mu 2018, ili ndi mitundu ya nyama pafupifupi 200, koma chothandiza kwa inu ndi kavalo wa wosewera: amayamba kuvuta ndi kulira chilombo chikakhala pafupi, inu musanachione. Ghost of Tsushima ya mu 2020 imachita mbali inayo. Nkhandwe ndi mbalame zachikasu zimakutsogolerani kumalo abata, kuti mtima utsike nkhondo ina isanabwere.

Tsopano kapangidwe kake. Gawani phokoso la nkhalango m'magulu atatu, lililonse ndi voliyumu yakeyake. Loyamba ndi la pansi, losatha: mphepo, masamba, madzi akutali. Likhale loop, mawu ojambulidwa amene akatha amayambiranso okha, ya masekondi 90 kapena kuposa, ndipo musasiyemo kulira kulikonse kodziwika, chifukwa mbalame imodzi ikamabwerera pamalo omwewo sekondi ya 40 iliyonse, khutu limaigwira kachitatu kokha ndipo nkhalango yonse imasanduka kaseti. Lachiwiri ndi la tizilombo, nkhululu, nyenje ndi achule. Lachitatu ndi mbalame ndi nyama zolira kamodzikamodzi. Izi zisakhale mu loop. Ziikeni pamalo enieni m'bwalo, pamtengo uwu ndi pachitsamba icho, mtundu uliwonse ukhale ndi kalilidwe kosachepera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kompyuta izisankha yokha pakadutsa masekondi 4 mpaka 15, ndipo izisintha pitch, kukwera kapena kutsika kwa liwu, pang'ono, osapitirira semitone imodzi (mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana a piyano) uku kapena uku. Mukapitirira pamenepo njiwa imayamba kumveka ngati chidole. Unity ikhoza kugwira ntchitoyi, ngakhale FMOD kapena Wwise, mapulogalamu okonzera mawu a m'magemu, zimapeputsa kwambiri.

Kenako mangani magulu atatuwo ku nambala imodzi, mtunda wa pakati pa wosewera ndi mdani. Mdani akafika mamita 60, mbalame zisiye kuyamba kulira kwatsopano, koma imene inali pakati imalize. Akafika mamita 30, tsitsani tizilombo ndi ma decibel (muyeso wa kukula kwa phokoso) 10 mpaka 12 m'masekondi atatu kapena anayi. Mphepo isiyeni izimvekabe. Mukazimitsa zonse, wosewera amavula mahedifoni kuganiza kuti waya waduka. Nyimbo zisalowe pano. Zidikire chipolopolo choyamba, apo ayi zimaulula zonse ndipo bata mwalivutikira lija limapita pachabe.

Anthu ambiri amalakwitsa pobwezeretsa. Mdani womaliza akagwa, nkhalango imayaka nthawi yomweyo ngati wailesi, ndipo zimene zangochitikazo zimaoneka zopanda kulemera. Siyani masekondi 8 mpaka 10 a mphepo ndi kupuma kwa wosewera basi. Kenako nkhululu imodzi, patali. Tizilombo tina tikwere pang'onopang'ono m'masekondi 20, mbalame zibwere pomaliza. Ndipo mukasunga lamulo lakuti mbalame sizibwerera mdani akadali moyo, mwapatsa wosewera chida chaulere: akaona kuti wapha onse koma nkhalango ikadali zii, adziwa kuti wina wabisala, ndipo mantha amenewo simunalembe ndi nyimbo iliyonse.

Kawiri kapena katatu m'gemu yonse mukhoza kumunamiza, mbalame zikhale chete koma n'kutulukira gwape. Kupitirira apo mwaononga chikhulupiriro chija.

Ngati nkhalango yanu ndi ya kwathu kuno, musatenge mawu a mbalame za ku Ulaya pa intaneti, wosewera wakuno amva kuti si kwawo ngakhale sangatchule chifukwa. Jambulani nokha mbandakucha, chojambuliracho chitatcheredwa pa 48 kHz, maikolofoni itavekedwa chotchinga mphepo, kutali ndi msewu ndi chigayo, ndipo dulani mawu onse a besi a pansi pa 80 Hz kuti kugunda kwa mphepo kusalimbane ndi mfuti. Mukamaliza, yeserani pa sipika ya foni, chifukwa pamenepo mphepo yotsika imasowa ndipo nyenje zimabaya m'khutu. Zikatero tsitsani nyenjezo ndi ma decibel atatu, mumvetserenso.